Funsani Alangizi: Ntchito yosamalira mitsinje amaigwira ndani, nanga amalowa bwanji?

Mwezi uno andilembera anthu atatu pa nkhani imodzi, aliyense ndi nkhawa yake. Ndiyamba ndi wamng'ono.

FUNSO: Alangizi, ndine mtsikana wa Fomu 4 kuno ku Bembeke. Pa maphunziro onse ndimakonda Jogalafe ndi Zaulimi. Kamtsinje ka kumunsi kwa mudzi wathu, kamene amayi amati kale kankayenda chaka chonse, masiku ano kamauma mu Seputembala, ndipo mvula ikagwa kamabwera ndi madzi ofiira. Ndikufuna kudzagwira ntchito yosamalira mitsinje, koma bambo akuti imeneyo si ntchito, ndi zongodzipereka, bola unamwino kapena uphunzitsi. Kodi anthu a ntchito imeneyi amaphunzira chiyani, ndipo amaphunzira kuti? Amalandira malipiro? Nanga akazi alimo? Mtsikana wa Fomu 4, Bembeke, Dedza.

YANKHO: Mwanangu, mawu a bambo ako asakufooketse, komanso usawanyoze. Anena zomwe amaziona ndi maso, anthu a komiti ya m'mudzi akudzala mitengo popanda cholowa m'thumba. Chomwe sanachione ndi anthu a malipiro amene amaima kumbuyo kwa komitiyo. Ine ndinali mmodzi wa iwo mpaka ndinapuma ntchito, nthawi yambiri ndili m'maboma a Ntcheu ndi Dedza, ku nthambi yoona za kusamalira nthaka. Ana anga ndinawaphunzitsa ndi ntchito imeneyi.

Usadzadikire tsiku lomwe nyuzipepala idzalengeze kuti pakufunika wosamalira mtsinje. Ntchitoyi inagawikana m'maofesi ambiri, ndipo ambiri mwa oigwira limatha tsiku osaponda m'madzi, chifukwa mtsinje umadwalira kumtunda. Madzi ofiira ukuwaonawo ndi minda ya kwanu ikutsika. Mvula ikagwa paphiri lopanda mitengo, kapena pamunda womwe mizere yake yaloza kumunsi, siipeza mpata wolowa pansi. Imathamanga tsiku lomwelo itanyamula nthaka, ndiye pofika Seputembala pansi mulibe madzi oti azitulukira mumtsinje pang'onopang'ono. Choncho ntchito imayambira paphiri, m'munda, m'dambo ndi m'dimba, dera lonse lomwe limatsanulira madzi ake mumtsinjewo. Pa ntchito timangoti kachimenti.

Ndikuonetse anthu amene ndinkakhala nawo tikakumana pa nkhani ya kachimenti imodzi.

Pamakhala wa zankhalango. Ambiri mwa iwo anadzera pa Malawi College of Forestry and Wildlife, koleji yomwe ili kwanu konko ku Dedza, kufupi ndi Chongoni. Pamenepo pamatuluka anthu a satifiketi ndi dipuloma, ndipo amene ndinagwira nawo ambiri anali ana a alimi, odziwa kale kusiyanitsa msuku ndi mombo asanatsegule buku. Ntchito yawo ndi nazale, malire a nkhalango, moto wolusa wa mu Okutobala ndi nkhondo yosatha ya makala. Wofuna digiri ya zankhalango amapita ku Mzuzu University kapena ku Bunda.

Kenako ife a zanthaka, pamodzi ndi alangizi a zaulimi a m'madera. Ambiri a gulu limeneli anaphunzira ku Natural Resources College ku Lilongwe, yomwe lero ili pansi pa yunivesite ya zaulimi ya LUANAR limodzi ndi Bunda. Ntchito yathu ndi ya m'munda mwenimweni. Timatenga timitengo tiwiri tofanana msinkhu, chingwe cha mamita asanu, ndi kalevulo kakang'ono kopachika pakati pa chingwecho. Anthu awiri agwira timitengo, wachitatu ayang'anira kadontho ka mpweya kali m'kalevulomo. Wa kutsogolo amasuntha kamtengo kake, kukwera pang'ono, kutsika pang'ono, mpaka kadonthoko kaima pakati. Apo timakhoma chikhomo, n'kupitirira. Pomaliza zikhomo zija zimakhala zazungulira phiri mokhotakhota, ndipo mwini munda nthawi zambiri amakana, akuti mzere wotani wopindika chonchi. Pamenepo timaunda mzere wa kalozera, kumtunda kwake n'kudzala vetiva motalikirana chikhatho chimodzi, ndipo mizere ina yonse ya m'mundamo imatsatira kalozerayo. Pakatha mvula ziwiri kapena zitatu, nthaka imaunjikana kuseri kwa vetiva uja mpaka munthu kuona ndi maso kuti munda wayamba kukhala ndi masitepe. Nthaka imeneyo ndi yomwe ikanakhala mu Linthipe, panjira yopita kunyanja ku Salima. Ine mpaka lero ndikamadutsa pa msewu wa M1 n'kuona mizere yoyenda mopingasa phiri, mtima wanga umakondwa.

Pamakhalanso oyeza madzi. Awa ndi amene amadziwa kuchuluka kwa madzi odutsa pamlatho pa sekondi iliyonse, matope omwe anyamula, ndi ngati ali abwino kumwa. Ku Mzuzu University kuli digiri ya kasamalidwe ka madzi. Ku MUST, yunivesite ya ku Thyolo yomwe inayamba kulandira ophunzira mu 2014, kuli maphunziro a ukhondo wa madzi, zanyengo ndi kujambula mapu pa kompyuta. Mainjiniya omanga madamu ndi ngalande ambiri amachokera ku MUBAS, yomwe makolo ako amaidziwa kuti Polytechnic, ndipo a mthirira amachokera ku Bunda. Anthu otere amalembedwa ntchito ku nthambi ya boma yoona za madzi, ku National Water Resources Authority, bungwe lomwe linabwera ndi lamulo la madzi la 2013 ndipo ndi lomwe limapereka chilolezo chopatutsa madzi mumtsinje, komanso ku mabungwe ogawa madzi a m'mipopi monga Central Region Water Board. Ngakhale a Lilongwe Water Board sagona tulo ndi nkhalango ya Dzalanyama, yomwe mbali yake ina ili m'boma lanu lomwelo, chifukwa madzi omwe mzinda wa Lilongwe umamwa amachokera kumeneko.

Koma munthu amene ndinkamudalira kwambiri pa gulu lonselo sanali wa sayansi. Anali mayi wina amene anayamba ngati mphunzitsi wa pulayimale, kenako n'kukaphunzira zachitukuko cha m'midzi ku koleji ya Magomero. Kalevulo sankadziwa kukagwira. Chomwe ankadziwa ndi kulowa m'mudzi: kuyambira kwa anyakwawa, kukhala pamphasa ndi amayi, kumvetsera kaye tsiku lonse asanatchule za mtengo ngakhale umodzi. Iye ndi amene ankatulukira kuti bambo wina wolima mpaka m'madzi si wamakani ayi, koma munda wake wa kumtunda analandidwa ndi akuchikazi mkazi wake atamwalira, ndipo kadimbako ndi komwe katsala. Nkhani yotereyi sungaithetse ndi lamulo lokha.

Kwathu kuno nkhani imeneyi ili ndi mbiri. M'nthawi ya atsamunda, malamulo a malimidwe ankakakamiza anthu kuunda milambala ndi kusiya kulima m'mphepete mwa mitsinje, wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu anadana nazo kwambiri moti mu 1953, Inkosi ya Makosi Gomani II, a Philip Gomani, potsutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anauza anthu awo ku Ntcheu kuti asatsatirenso malamulo amenewa. Boma linawachotsa pampando, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Milambalayo payokha sinali yoipa, nthaka inkaigwiradi. Chinaipa ndi chikwapu. Ine nditayamba ntchito ndinkapezabe agogo amene akangoona chingwe ndi zikhomo nkhope inkasintha. N'chifukwa chake ndimauza achinyamata kuti pepala la kusukulu lidzakulowetsa pa ntchito, koma chodzakukhazika pamenepo ndi pakamwa pako ndi makutu ako.

Za malipiro ndikuuze mosabisa. Ntchito za boma ndi zokhazikika ndipo zili ndi penshoni, koma mipata imatuluka mwa apo ndi apo, ndipo malipiro ake ndi a wogwira ntchito m'boma wina aliyense, osasiyana kwenikweni ndi a mphunzitsi wa giredi yofanana. Ntchito za mapulojekiti ndi za mabungwe zimalipira bwinoko koma ndi za kontirakiti, pulojekiti ikatha nawenso wapita. Mwayi ulipo chifukwa ndalama zikulowa ndithu. Pulogalamu ya chigwa cha Shire yomwe inayamba mu 2012 inafika mpaka kumtunda kwa Lisungwe, ndipo mu 2020 World Bank inavomereza madola 157 miliyoni a pulojekiti yosamalira makachimenti ya MWASIP, yomwe Ntcheu ilimo. Dziko lathu linalonjezanso kubwezeretsa chilengedwe pa mahekitala 4.5 miliyoni pofika 2030. Sachita izi chifukwa chokonda mitengo chabe. Nthaka ya ku Ntcheu ikatsika ndi Rivirivi ndi Lisungwe imakathera mu Shire, momwe muli makina a magetsi a Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Ndipo amene anali ku Balaka mu 2018 sadzaiwala chaka chomwe damu la Mpira linaphwa, mipopi n'kuuma kwa miyezi, pomwe vuto lake linali kumtunda, ku mapiri a Mvai kuno ku Ntcheu, komwe mvula inachepa, mitengo inatha, matope n'kudzaza damu.

Akazi alimo, ndipo akufunika ochuluka. Amene amatunga madzi, kutola nkhuni ndi kuthirira dimba ndi amayi, ndipo pali zambiri zomwe sanganene kwa mlangizi wamwamuna pabwalo. Zovuta zake ndi zakuti adzakutumiza kutali ndi tauni, udzakwera njinga yamoto m'matope, ndipo padzapezeka abambo ena oyamba akuyesa kaye ngati ukudziwadi zomwe ukunena. Amasiya akaona chigwembe chomwe chinkadya munda wawo chaima.

Tsopano za iwe. Jogalafe ndi Zaulimi zokha sizikwanira. Limbikira Masamu, Bayoloje, Kemisitile ndi Fizikisi, chifukwa maphunziro onse ndatchulawa amayang'ana pamenepo, ndipo ku yunivesite za boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi. Mapointi akapanda kufika pa digiri usadzione ngati walephera, yambira pa dipuloma. Ambiri mwa mabwana anga anayamba choncho, n'kudzakwera ali pa ntchito. Ndipo tsiku lina bambo ako akamapita ku Dedza boma, apemphe mupitire limodzi ku ofesi ya zankhalango kapena ya zaulimi, akadzionere okha kuti kuli anthu, akazi omwe, amene amadyera ntchito imeneyi.

FUNSO: Ine sukulu ndinalekera Sitandade 8. Kale ndinkaotcha makala, koma ndinasiya ndipo tsopano ndine wapampando wa komiti ya zachilengedwe m'mudzi mwathu. Nkhalango yathu yabwerera, kasupe amene anauma wayambanso kutuluka. Koma alendo akabwera ndi magalimoto amajambula zithunzi, alawansi n'kulandira iwo, ife n'kutsala ndi mawu oti mwagwira ntchito. Kodi ife osaphunzira malo athu ali pati? Wapampando, Tsangano, Ntcheu.

YANKHO: Bambo wapampando, dandaulo lanu ndi loona ndipo sindilichepetsa. Zimandiwawa kuona munthu amene analambula njira yotchinga moto kuzungulira phiri lonse akubwerera kunyumba chimanjamanja, pomwe wobwera kudzaona walandira ya chakudya ndi ya malo ogona. Kudzipereka kuli ndi malire, munthu sadya kuyamikiridwa.

Musadzitchule osaphunzira. Munthu amene anaotchapo makala amadziwa nkhalango kuposa ambiri a ife. Mukudziwa mtengo womwe umaphukanso ukadulidwa ndi womwe umaferatu, njira zomwe matumba amatulukira usiku, ndi mwezi womwe njala imakankhira anthu kuphiri. Alonda a nkhalango abwino kwambiri amene ndinawadziwa ena anachokera komweko.

Malo olandirapo kanthu alipo, ngakhale si ambiri. M'mitsinje ikuluikulu muli malo oyezera madzi, pomwe anazika zitsulo zolembedwa manambala kuyambira pansi pa mtsinje kukwera kugombe. Amene amawerenga zitsulozo m'mawa ndi madzulo n'kulemba m'buku si injiniya, ndi munthu wa m'mudzi wapafupi wodziwa kulemba manambala ndi wosanama. Ziwerengero zomwe akatswiri amagwiritsa ntchito pomanga mlatho kapena pochenjeza za kusefukira kwa madzi zimayambira m'buku la munthu ameneyo. Pa ntchito za M'bwezera Chilengedwe zomwe zimadzera ku khonsolo pamafunika makapitawo odziwa kuyeza maswale, ngalande zogwira madzi zokumbidwa mopingasa phiri, ndi kumanga timadamu ta miyala m'zigwembe. Wodziwa kale kugwira kalevulo ndi amene amayamba kuganiziridwa, choncho pemphani alangizi a zaulimi a kwanuko akuphunzitseni, sizitenga sabata.

Koma langizo langa lalikulu ndi lakuti musadikire kulembedwa ntchito, nkhalangoyo iyambe kukulipirani. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo chaka chilichonse, ndipo masukulu, mipingo ndi mabungwe amasakasaka mbande. Amene anafesa m'machubu mu Ogasiti ndi Seputembala ndi amene amagulitsa. Musadzaze nazale ndi bulugamu yekha. Wofuna kudzala m'mphepete mwa mtsinje amafuna katope, mbawa, mkuyu ndi nsungwi, ndipo izi ndi zomwe zimasowa pa msika. Ming'oma ya njuchi nayo imachita bwino m'nkhalango yobwerera ngati yanuyo, komanso pomwe papachikidwa ming'oma anthu amaopa kuyatsa moto.

Chinthu china chomwe makomiti ambiri amachinyozera ndi buku. Gulani kope lachikuto cholimba. Muzilembamo tsiku lomwe munagwira ntchito, mayina a amene anabwera, mbande zomwe munadzala ndi zomwe zapulumuka pofika Okutobala, ndi mwezi womwe kasupe uja anayamba kutuluka. Onetsetsaninso kuti nkhalango yanu inalembetsedwa ku ofesi ya zankhalango monga nkhalango ya m'mudzi, ndi malamulo ake osainidwa ndi amfumu, monga lamulo la nkhalango la 1997 limalolera. Alendo aja akadzabweranso, musanawaperekeze kuphiri, akhazikeni pansi, atsegulireni bukulo, ndipo afunseni pamaso pa amfumu kuti pa pulojekiti yawoyo gawo la komiti ndi liti. Muli ndi ufulu wofunsa funso limenelo. Ndipo aliyense wokuuzani kuti mupereke ndalama kuti akulowetseni ntchito ya ulonda wa nkhalango kapena ya pulojekiti ndi wakuba, mukamunene.

FUNSO: Mwana wanga anamaliza digiri ya zachilengedwe zaka zitatu zapitazo koma mpaka lero ali pakhomo. Makalata walemba osawerengeka, kulikonse akuti akufuna wodziwa kale ntchito. Ndinagulitsa ng'ombe kuti aphunzire. Kodi tinalakwitsa? Mayi wodandaula, Golomoti, Dedza.

YANKHO: Mayi, pepani. Simunalakwitse, ndipo mwana wanu si waulesi. Omaliza maphunziro amenewa achuluka kuposa mipata, ndipo ali pakhomo ngati iyeyo ndi ambiri. Koma zaka zitatu ndi zambiri, asinthe kachitidwe.

Ndakhalapo pa gulu lofunsa anthu ofuna ntchito. Mapepala a digiri amafanana onse. Timayang'ana amene angatumidwe kumudzi mawa lomwe. Choyamba, ali ndi laisensi ya njinga yamoto? Ambiri amagwera pamenepo. Chachiwiri, angajambule mapu? Pali pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa QGIS, ndi yaulere, ndipo foni yamakono iliyonse imatha kutola malo ndi GPS. Chachitatu, angalembe lipoti la masamba awiri lomveka bwino, n'kukafotokoza zomwezo m'Chichewa pabwalo la amfumu?

Mwana wanu ali ndi mwayi womwe sakuuona, chifukwa akukhala pafupi ndi sikimu ya mthirira ya Bwanje, ya mahekitala pafupifupi 800, yomwe imadalira mtsinje wa Namikokwe. Alimi a mpunga kumeneko amalimbana ndi mchenga m'ngalande chaka ndi chaka, ndipo mchengawo umachokera kumtunda, m'mapiri a Dedza. Apite kwa akuluakulu a bungwe la alimi a pa sikimupo ndi kwa alangizi a m'deralo, adzipereke kwa miyezi ingapo. Asankhe khwawa limodzi lothira mu Namikokwe, aliyende wapansi kuyambira kumunsi mpaka komwe layambira, alembe pomwe pali zigwembe, pomwe alima mpaka m'madzi, pomwe patsala mitengo, ajambule mapu, akapereke kwa alimiwo ndi ku khonsolo. Akatero, pofunsidwa ngati anagwirapo ntchito adzakhala ndi chotulutsa m'chikwama, komanso kalata ya umboni yochokera kwa anthu amene anamuona akugwira.

Alembetsenso ku pulogalamu ya boma yotumiza omaliza maphunziro a ukachenjede kukaphunzira ntchito m'maofesi, yomwe inayamba mu 2018 kudzera ku Unduna wa Zantchito, ndipo akapatsidwa mpata wosankha asankhe ku khonsolo ya boma, osati ku likulu, chifukwa mapulojekiti akamafuna anthu a m'madera amafunsa kumeneko. Asaiwale makampani ang'onoang'ono amene amaunika momwe msewu, damu kapena mgodi ungakhudzire chilengedwe. Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti kuunikaku kuchitike ntchito zikuluzikulu zisanayambe, ndipo makampaniwa amalemba achinyamata kwa sabata ziwiri kapena mwezi kuti akatole mayankho m'midzi. Ndi ganyu, koma dzina limayamba kudziwika choncho.

Inu mayi, mbali yanu ndi iyi: akakuuzani kuti akupita kukagwira ntchito yopanda malipiro ku sikimu, musamukalipire kuti akutaya nthawi. Ngati pali kandalama kotsala, kayambe kupita ku laisensi ija.